Ulendo wa ku Kampala ndi wophunzira wanga

Lamlungu usiku

Tafika bwino. Ndege yatera ku Entebbe masana, ndipo ikamatsika munthu umagwira mpando chifukwa bwalo lake lili m'mphepete mwenimweni mwa nyanja ya Victoria, pawindo umangoona madzi okhaokha mpaka matayala agunde pansi. Tisanafike podinditsa mapasipoti anayamba atifunsa kakhadi kachikasu ka katemera wa yellow fever. Amene mukukonza ulendo wa kuno musakaiwale, ndipo mubayitse nthawi ilipo, chifukwa chiphasocho chimayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 chibayireni. Ubwino wake, kuyambira 2016 bungwe la WHO linati kubayitsa kamodzi n'kokwanira moyo wonse.

Ndabwera ndi wophunzira wanga wa digiri yachiwiri, mtsikana amene akufufuza za kaufiti m'minda ya mapira. Dzina sinditchula, mwiniwake wakana. Msonkhano umene tadzera ndi wa aphunzitsi ndi ophunzira za ulimi a m'mayunivesite a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Okonza msonkhanowu anapatula ndalama zolipirira ndege ndi malo ogona a ophunzira amene chidule cha kafukufuku wawo chavomerezedwa. Uthengawo unabwera pa imelo yanga, ine n'kuutumiza ku gulu la WhatsApp la kalasi yonse. Ambiri anangoyankha ndi kachala kokweza m'mwamba. Amene anakhala pansi n'kulemba ndi iyeyu, ndipo analemba usiku woti mawa lake akutseka. Anzake akunena kuti ndi wamwayi.

Kuchoka ku Entebbe kufika mu Kampala ndi makilomita pafupifupi 40. Msewu watsopano wolipiritsa umene anautsegula mu 2018 ndi wamyaa, koma ukangothera kumene uthera, galimoto zimayamba kukwawa, ndipo njinga zamoto zonyamula anthu, zimene kuno amati boda boda, zimadutsa mbali zonse ziwiri, zina zitanyamula munthu ndi katundu wake pamodzi. Mtsikanayu njira yonse anakumbatira chubu chimene wakulungamo positala yake, chipepala chachikulu chosonyeza kafukufuku wake. M'ndege anakana kuti achiike pamwamba.

Lolemba

Mwambo wotsegulira unatenga m'mawa wonse. Akuluakulu analankhula motsatana mipando yawo, aliyense kuthokoza amene walankhula kale, ndipo manambala amene anatchula ndi omwe aja timawamva pa msonkhano uliwonse wa mtunduwu. Sikuti ndi abodza ayi. Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, achinyamata pafupifupi 9 okha pa 100 aliwonse a msinkhu wopita kukoleji ndi amene amafikako, pamene padziko lonse ndi pafupifupi 40. Mu 2007 atsogoleri a mayiko a African Union anagwirizana ku Addis Ababa kuti dziko lililonse lizipatula 1 peresenti ya chuma chake kuti ipite ku kafukufuku, ndipo mpaka lero ambiri sanayandikire n'komwe. Kuipa kwake, manambalawa akanenedwa pagome lapamwamba anthu amaomba m'manja ngati nkhani yatha pomwepo.

Ine ndinali kuyang'ana kakhalidwe ka anthu m'holomo. Kutsogolo akuluakulu a mayunivesite ndi oimira mabungwe opereka ndalama, pakati ife aphunzitsi, kumbuyo kwenikweni pafupi ndi khomo ophunzira. Palibe anawauza kuti akhale kumeneko, anadziika okha. Nthawi ya mafunso itakwana, maikolofoni sanafike kumbuyoko, komanso palibe wophunzira anakweza dzanja.

Pa nthawi yopuma mtsikana wanga anangondimamatira. Ndikapita uku ali pambuyo panga, ndikaima iye waima. Ndinamukokera pambali.

"Iwe, ine umandiona chaka chonse. Sunakwerere ndege kudzaima ndi ine. Ukuwaona mayi avala zobiriwira aja? Pabaji pawo palembedwa kuti amagwira za mapira. Pita ukawapatse moni."

"Madamu, ndikanene chiyani?"

"Dzina lako, kumene ukuphunzira, ndi chimene ukufufuza. Ziganizo zitatu. Kenako uwafunse za ntchito yawo, ena onse alankhula okha."

Anapita miyendo ikulemera. Anakacheza mpaka belu lobwerera m'holo linalira.

Madzulo tinakwera phiri la Makerere kukaona yunivesite. Kwa munthu wa ntchito yathuyi, malo ano ndi oyenera kuwaponda. Inayamba mu 1922 ngati sukulu ya ntchito zamanja, ndi ophunzira 14 okha ophunzira ukalipentala, zomangamanga ndi umakaniko. Mu 1949 inayamba kuphunzitsa maphunziro a madigiri a University of London, mu 1963 inakhala nthambi ya University of East Africa pamodzi ndi makoleji a ku Nairobi ndi Dar es Salaam, ndipo mu 1970 inaima payokha. Julius Nyerere, Milton Obote, Mwai Kibaki ndi Benjamin Mkapa onse anadutsa pano. Mayina anayiwa akukuuzani kale kuti sukuluyi sinali ya Uganda yokha. Mnyamata wa ku Tanganyika kapena ku Kenya ankabwera kudzaphunzira kuno osaona chachilendo. Zoti wophunzira wa mu Africa akaphunzire m'dziko loyandikana nalo, zimene lero tikuzichitira misonkhano, agogo athu ankazichita kale.

Nyumba yaikulu yoyera ya mawindo abuluu ija, imene inapsa ndi moto mu September 2020, anaimanganso ndipo yabwerera mwakale. Nyumba zogona ophunzira zili ndi mayina monga Lumumba, Nkrumah, Livingstone ndi Mary Stuart. Koma chimene chinamugwira mtima mtsikana wanga si mbiri yonseyi. Ndi mbalame zikuluzikulu za mitu yadazi zotchedwa marabou, zimene zimamanga zisa m'mitengo ya pasukulupo n'kumayendayenda pa kapinga mosaopa munthu. Wazijambula zithunzi zambiri kuposa china chilichonse.

Lachiwiri

Lero linali tsiku lake. Mapositala anawaika m'khonde lalitali, ndipo wake unagwera kumapeto, moyang'anana ndi khomo lopita kumene kumakhala tiyi. Iye anadandaula, ine ndinakondwera, chifukwa pa msonkhano palibe munthu amene salowera kumeneko. Tinaukhoma ndi timapini tobwereka kwa mnyamata wa ku Ethiopia amene anali pafupi naye. Ngodya imodzi inakana kugona chifukwa chokhalitsa m'chubu, mpaka tinaipanikiza ndi selotepi.

Kwa amene simuli a zaulimi, ndifotokozeko pang'ono chimene akufufuza. Kaufiti ndi kaudzu ka maluwa okongola ofiirira kamene kamamera pa mizu ya chimanga, mapira ndi mawere n'kumayamwa madzi ndi chakudya cha mbewuyo. Chomera chimodzi chimabereka njere masauzande ambirimbiri, zing'onozing'ono kwambiri, ndipo zimatha kukhala m'nthaka zaka zoposa 10 zili zamoyo. Sizimera chisawawa. Zimadikira mpaka zitamva timadzi totchedwa strigolactones timene mizu ya mbewuyo imatulutsa. Pofika nthawi yoti kaufiti aonekere pamwamba, pansi amakhala atawononga kale. Amakonda nthaka yoguga, choncho amavutitsa kwambiri mlimi amene alibe kale feteleza. Mtsikanayu anadzala mitundu ingapo ya mapira a makolo m'miphika ya dothi losakaniza ndi njere za kaufiti, n'kumawerenga kuti ndi mtundu uti umene kaufiti amamera wochepa.

Anthu oyamba ankangodutsa, kuwerenga mutu, kugwedeza mutu, n'kumapita. Kenako panaima bambo wina wachikulire, pulofesa wa ku yunivesite ina ya kuno kum'mawa. Anavula magalasi, kuyandikira tebulo la manambala, n'kuloza ndi cholembera.

"Mtundu uwu wachita bwino. Koma wadziwa bwanji kuti ukukana kaufiti? Mwina ukungotulutsa timadzi tochepa, mwina mizu yake ikutseka njira kaufiti atamera kale. Ndi zinthu ziwiri zosiyana."

Ine ndinali chapatali, ndinadziletsa kulowererapo. Mtsikanayo anameza malovu.

"Pulofesa, zimenezo sindinathe kuzisiyanitsa. Labotale yathu ilibe zipangizo zoyezera timadzito. Ndinangowerenga zomera zimene zatuluka."

Yankho limeneli ndi limene linamutsegulira khomo. Bamboyo anamwetulira, n'kumuuza kuti pali njira yosafuna makina odula, yomeretsa mbewu m'timbale ta labotale pa phala loonekera mkati n'kuona kuti njere za kaufiti zikumera patali bwanji ndi muzu. Anamujambulira pa kapepala. Anamufunsanso ngati anamvapo za njira imene bungwe lofufuza za tizilombo la icipe la ku Nairobi linapeza m'zaka za m'ma 1990, yodzala desmodium, chomera cha m'gulu la nyemba, pakati pa mizere ndi nsenjere m'mbali mwa munda, imene poyamba ankafuna kuthana nayo kapuchi koma n'kupeza kuti desmodium akuphanso kaufiti. Pomaliza anamupatsa khadi lake n'kunena kuti amulembere sabata isanathe, chifukwa gulu lawo limalandira ophunzira a mayiko ena kwa miyezi ingapo. Zonsezi sizinathe mphindi 20, anthu ataimirira, ena akudutsa ndi makapu.

Masana kunali gawo la masikolashipu, ndipo apa ndiye ophunzira anadzaza mpaka ena kukhala pansi. Wolankhulayo atafunsa kuti ndani akufuna kukachita PhD ku Ulaya kapena ku America, manja anali mbwee. Atafunsa za amene anayesapo kufunsira malo m'dziko lina la mu Africa, manja anali owerengeka. Sindikuwaweruza. Masikolashipu a Commonwealth, amene anayamba mu 1959, ndi ena otere, aliyense amawadziwa, ndipo amene apitako amabwera ndi ulemu wake. Koma n'chifukwa chake mpikisano wake ndi woopsa, pamene pafupi pomwepa pali makomo ena amene anthu sagogodako kwenikweni.

Pa Makerere pomwepa pali likulu la RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite ophunzitsa zaulimi umene akuluakulu a mayunivesite 10 anauyambitsa mu 2004, ndipo lero mamembala ake anapitirira 150. Ntchito yake yaikulu kuyambira pachiyambi ndi kuthandiza ophunzira a digiri yachiwiri ndi PhD kuti aphunzire mu Africa momwemuno, kafukufuku wawo akuchitira kwa alimi. A ku Germany, kudzera ku bungwe lawo la zamaphunziro la DAAD, ali ndi sikolashipu yolipirira munthu kuphunzira m'dziko lake lomwe kapena m'dziko lina la m'chigawo chake. Thumba la RSIF, limene maboma ena a mu Africa amasonkhako ndalama ndipo limayendetsedwa ndi icipe, limalipirira PhD za sayansi ndi uinjiniya, wophunzira n'kukhala ndi mwayi wokachita gawo lina la kafukufuku ku labotale ya kunja. Mastercard Foundation inayamba pulogalamu yake mu 2012 ndipo imagwira ndi mayunivesite angapo a mu Africa, kuphatikizapo Makerere. Kwa amayi asayansi ya zaulimi kuli AWARD ku Nairobi, imene chiyambire 2008 imalumikiza mayi wachitsikana ndi katswiri woti azimutsogolera.

Mtsikana wanga analemba zonse, masamba atatu. Potuluka anandiuza kuti afunsira konse. Ndinamukumbutsa kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kalata imodzi yolembedwa bwino, yosonyeza kuti munthu wawerenga ntchito ya amene akufuna kuti amuyang'anire, imaposa makalata khumi ofanana ongosintha dzina pamwamba. Ife amene timakhala m'makomiti osankha timawazindikira makalata oterowo pa chiganizo choyamba.

Lachitatu

Anatinyamula pa mabasi kupita kumpoto kwa mzindawu, njira ya ku Gayaza. Tinaima pang'ono ku Kabanyolo, famu ya Makerere kumene ophunzira zaulimi amachitira zamanja, kenako n'kupitirira ku Namulonge. Malo amenewa anayamba ngati siteshoni yofufuza za thonje nthawi ya atsamunda, koma lero ndi likulu la kafukufuku wa mbewu pansi pa NARO, bungwe la boma la Uganda lofufuza zaulimi, ndipo amadziwika kwambiri ndi chinangwa.

Mbiri yake ndi iyi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'ma 1990, khate la chinangwa linasesa minda ya Uganda mpaka alimi ambiri kusiya kulima mbewuyi. Akatswiri a pano anatulutsa mitundu yopirira, chinangwa n'kubwerera. Asanapume n'komwe, cha m'ma 2004 kunabuka nthenda ina, ya brown streak, ndipo mitundu yambiri imene inapirira khate ija inagwa nayo. Nthenda zonse ziwiri zimafala ndi tigulugufe toyera komanso ndi mitengo yodzala imene alimi amapatsana.

Mnyamata amene ankationetsa munda, wophunzira PhD, anazula phata limodzi looneka la thanzi. Masamba obiriwira, chinangwa chonenepa. Anatenga chikwanje n'kudula chinangwacho m'mapisi, kuwayala pa thumba. M'kati monse munali mawanga abulauni, ouma, ena ofika pakati penipeni. Anatiuza kuti umu ndi mmene amapimira: kudula muzu uliwonse n'kuupatsa nambala kuyambira 1, woyera bwino, mpaka 5, wowonongekeratu. Pa nyengo yokolola amadula mizu yosawerengeka, tsiku lonse, manja kuchita matuza. Mlimi naye amadziwa kuti walima pachabe tsiku lozula lomwelo, atadikira chaka.

Chinandikhudza china. Mwa ophunzira amene tinawapeza m'minda ndi m'malabotale lero, ambiri sanali a ku Uganda. Wina wa ku South Sudan, wina wa ku Mozambique amene Chingerezi anachiphunzirira konkuno, mtsikana wina wa ku Ghana. Ena anabwera kudzera ku MaRCCI, likulu la Makerere lophunzitsa akatswiri opanga mitundu yatsopano ya mbewu, limene limagwira kwambiri za khobwe ndi mapira. Ndi limodzi mwa malikulu 24 amene World Bank inathandiza kukhazikitsa kuyambira 2016 m'mayiko 8 a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Ndalama zake sizinkangoperekedwa. Zinkatuluka malinga ndi zimene likulu lakwanitsa, ndipo china mwa zimene ankawerenga chinali chiwerengero cha ophunzira ochokera m'mayiko ena ndi cha amayi. Tanthauzo lake, panali malo amene ankasakasaka wophunzira wakunja, pamene wophunzirayo ali kwawo akudandaula kuti mwayi kulibe.

Mtsikana wanga anakhala mpando umodzi ndi wa ku Ghana uja pobwerera. Ndinkawamva akufunsana zinthu zimene sizilembedwa pa chikalata chilichonse: ndalama ya mwezi imafika nthawi yake kapena imachedwa, oyang'anira amawerenga machaputala msanga kapena amasunga miyezi, chilolezo chokhalira m'dziko chimavuta bwanji. Mafunso amenewa ndi enieni, ndipo palibe mkulu wa pagome lapamwamba angakuyankhe.

Pa mapepala, njira zinalambulidwa kale. Mgwirizano wa SADC wa zamaphunziro wa 1997 umati yunivesite iliyonse izisunga malo osachepera 5 pa 100 a ophunzira a mayiko ena a SADC, ndipo azilipira ngati eni dziko. Mayiko a East African Community analengeza mu 2017 kuti maphunziro awo apamwamba akhale a chigawo chimodzi. Pangano la Addis Ababa la 2014, loti mayiko azivomerezana madigiri, linayamba kugwira ntchito mu 2019. Ndinafunsa ophunzira angapo m'basimo ngati anamvapo za 5 peresenti ija. Onse anapukusa mitu.

Lachinayi

M'mawa mvula, ndipo gawo loyamba linayamba mochedwa chifukwa theka la anthu linali m'misewu. Nkhani inali yosindikiza kafukufuku.

Wophunzira wina anaimirira n'kufotokoza monyadira kuti pepala lake linavomerezedwa ndi magazini ina ya sayansi patangotha masiku anayi chitumizireni, atalipira ndalama ya m'thumba mwake. M'holo munangoti zii. Mayi amene ankatsogolera zokambiranazo anamuyankha mofatsa, osamuchititsa manyazi, kuti pepala loona limadutsa m'manja mwa akatswiri awiri kapena atatu, ndipo amalibweza lili ndi mafunso owawa, nthawi zina kawiri. Magazini imene imakulembera yokha imelo yokutamanda, n'kulonjeza kusindikiza sabata yomweyo, ikufuna ndalama yako basi. Choopsa n'choti pepala likalowa kumeneko latayika: kwina sangalilandirenso, ndipo makomiti ambiri okweza anthu pantchito kapena opereka sikolashipu saliwerengera. Pali ngakhale misonkhano yabodza ya mtundu womwewo, yoitanira anthu ku mizinda yotchuka kukalankhula m'chipinda cha anthu asanu a maphunziro osagwirizana.

Anawauza ophunzirawo kumene angayambire. African Journals Online, imene inayamba mu 1998, ili ndi magazini a mu Africa opitirira 500. Mabuku ndi mapepala odula amene ambiri amaganiza kuti sangawapeze, mayunivesite a m'mayiko osauka amawapeza kwaulere kapena motchipa kudzera ku Research4Life, imene gawo lake la zaumoyo, Hinari, linayamba mu 2002, ndipo la zaulimi, AGORA, mu 2003. Chinsinsi cholowera chimakhala ndi woyang'anira laibulale. Ophunzira angati amene amafika chaka chomaliza asanalankhulepo ndi munthu ameneyu? Safunsa anadya phula.

Zokambirana zinatentha pamene bambo wina wa ku Tanzania anadzutsa nkhani ya mgwirizano ndi mayunivesite akunja. Ananena zimene ambiri timang'ung'udza m'makonde: mafunso a kafukufuku amakonzedwa kunja, ife timatolera dothi, masamba ndi mayankho a alimi, zonse n'kutumizidwa uko, ndipo pepala likatuluka dzina la wophunzira amene anapsa ndi dzuwa lili pakati pa mayina khumi, kapena m'mawu othokoza kumapeto. Mzungu wina amene anali pomwepo sanakane. Anangowonjeza kuti nkhani ya mayina izikambidwa ntchito isanayambe, ndipo izilembedwa. Ndikugwirizana naye. Koma wophunzira sangayambitse nkhani imeneyi kwa pulofesa wakunja amene akumulipirira fizi. Woyenera kuiyambitsa ndi mphunzitsi wake.

Mayi wina wachitsikana anafotokozanso zoti chaka chatha pepala lake linasankhidwa ku msonkhano waukulu ku Ulaya, ndalama ya ndege inapezeka, koma visa anamukaniza ponena kuti sakukhulupirira kuti adzabwerera. Nkhani yake inali yokhudza alimi a m'dziko lake, ndipo inakambidwa iye kulibe. Ichi ndi chifukwa china chimene misonkhano yochitikira mu Africa ilili yofunika, komanso chimene Kigali yakhalira malo okondedwa ndi okonza misonkhano: kuyambira 2018 Rwanda imapereka visa pofika kwa munthu wa dziko lililonse.

Madzulo aphunzitsi tinakhala patokha, ndipo apa ndi pamene ndinalankhulapo. Maganizo anga ndi awa. Pafupifupi mwayi uliwonse umene watchulidwa sabata ino umadutsa pa desiki la mphunzitsi usanafike kwa wophunzira. Uthenga woitanira anthu umabwera pa imelo yathu. Chidule cha kafukufuku chimafuna ife tiwerenge. Kalata yochitira umboni timalemba ndife, ndipo sikolashipu zambiri zimafuna ziwiri kapena zitatu, zotumizidwa tsiku lotseka lisanafike. Mphunzitsi akakhala ndi kalasi ya anthu mazana, mapepala a mayeso ali mulu, ndi ganyu wina wapambali woti adyetse banja, zinthu zimenezi ndi zimene zimayamba kugwa. Wophunzira amakanidwa osadziwa kuti fomu yake inali yosakwanira chifukwa kalata ina sinapite. Pokweza mphunzitsi pantchito amawerenga mapepala amene wasindikiza. Ophunzira amene wawatsegulira njira sawerengedwa paliponse. Ena anavomereza, wina anati ndikufuna kuwonjezera anthu ntchito yopanda malipiro. Sitinamalize, woperekera zakumwa anayamba kuzimitsa magetsi.

Lachisanu, pa bwalo la ndege

Mwambo wotsekera unali waufupi. Anawerenga mfundo zimene msonkhano wagwirizana, anapereka mphoto kwa mapositala atatu. Wathu sunapate kanthu, ndipo amene anapambana anayeneradi, makamaka mtsikana wa ku Rwanda amene anafufuza za matenda a nyemba. Wanga anakhumudwa pang'ono mpaka nthawi ya chakudya, kenako anaiwala, chifukwa ophunzira anali kalikiliki kupatsana manambala ndi kutsegula gulu lawo la WhatsApp. Magulu otere ambiri amafa pakatha mwezi. Ena amakhala, ndipo ndi mmene mauthenga a masikolashipu amayendera masiku ano, kuposa pa bolodi la zidziwitso la ku dipatimenti.

Imelo ya kwa pulofesa uja yapita kale. Analemba usiku, n'kundibweretsera m'mawa kuti ndione. Inali yaitali, yodzaza ndi kupepesa chifukwa chowasokoneza. Tinaidula mpaka kutsala ndime ziwiri: kuwakumbutsa kumene anakumana ndi funso limene anamufunsa, kunena chimene akufuna kukaphunzira ku labotale yawo ndi miyezi imene angapezeke, n'kumatapo positala ndi CV. Tinamutsegulitsanso nambala ya ORCID yozindikiritsa wochita kafukufuku, imene ndi yaulere ndipo mafomu ambiri ayamba kuifuna.

Pa masikolashipu tatsutsana. Iye mtima uli pa RSIF chifukwa cha gawo lokachita kunja lija. Ine ndikuona kuti ayambe wamaliza digiri ili m'manjayi, atulutse pepala limodzi m'magazini yoona, chifukwa popanda zimenezo fomu ya PhD imakhala yopepuka kulikonse kumene angaitumize. Wandiyankha kuti, "Madamu, chaputala chachitatu chili kwa inu." N'zoona, chili m'chikwama changa chomwechi, ndipo ku Nairobi tidikira ndege ina maola angapo. Ndamuuza kuti asagone, tikambirana tebulo lililonse tisanakwere.